Abale a Hume ndi nsomba zam'chitini: mafunso ndi mayankho

Dzina la Hume simungalipezenso pa zitini za nsomba zomwe zadzaza m'masitolo lero. Komabe abale a banja limeneli ndi amene anayamba kuika nsomba ya salimoni m'zitini kugombe la kumadzulo kwa America, ndipo ntchito yomwe anaiyambira pa chombo chakutha mu 1864 inakhudza mitsinje ikuluikulu itatu pasanathe zaka 20. Mafunso ali m'munsiwa akutsata ulendo wawo mtsinje ndi mtsinje.

Kodi a Hume anali ndani?

Anali ana a msodzi wa ku Augusta, tauni ya m'mbali mwa mtsinje wa Kennebec m'chigawo cha Maine, kumpoto chakum'mawa kwa United States. Makolo awo anachokera ku Scotland, ndipo usodzi wa salimoni unali wakumtundu. Amene amatchulidwa kawirikawiri ndi William, John, George, Joseph ndi Robert.

William ndiye anatsogola. Anafika ku California mu 1852, nthawi yomwe aliyense mutu unali pa golide, koma iye anakakamira ntchito yomwe ankaidziwa kale, nayamba kutchera maukonde mu mtsinje wa Sacramento ndi kugulitsa nsomba zaziwisi ndi zamchere. John ndi George anamutsatira patapita zaka zochepa. Robert, mng'ono wawo, anabadwa mu 1845. Kwawo kunali umphawi moti ali wamng'ono anakaleredwa ndi banja lina, ndipo anapita kwa akulu akewo ali ndi zaka pafupifupi 18. Mnyamata woleredwa kwa eni ameneyu ndi amene pambuyo pake anatchuka kuposa onse.

Salimoni ndi nsomba yotani? Kodi ndi mpasa yomweyi?

Ayi, si pachibale. Azungu anaitcha mpasa salimoni ya m'nyanja ya Malawi chifukwa cha khalidwe lake lokwera mitsinje, monga Bua, kukaikira mazira. Mpasa ili m'banja limodzi ndi matemba ndi nchila. Wachibale weniweni wa salimoni amene alipo ku Malawi ndi nsomba ya trout yomwe inabwera ndi atsamunda n'kuikidwa m'timitsinje tozizira ta paphiri la Zomba ndi ku Nyika.

Salimoni imaswedwa m'madzi ozizira a kumtunda kwa mtsinje, pa nsangalabwi. Ikakula pang'ono imatsikira kunyanja yamchere, n'kukhala kumeneko zaka zingapo ikudya ndi kunenepa. Nthawi yoswana ikakwana imabwerera kumtsinje womwe inabadwira, ikulondola fungo la madzi akwawo. Ikalowa mumtsinje imasiya kudya, imayenda ndi mafuta a m'thupi basi, ndipo za kunyanja ya Pacific zimafa zikangotha kuswana. Kugombe la kumadzulo kwa America kuli mitundu isanu: chinook, sockeye, coho, pink ndi chum. A Hume poyamba ankafuna chinook yokha, yaikulu kuposa zonse, yomwe zina zinkapitirira makilogalamu 30.

Khalidwe limeneli ndi limene limaipereka kwa msodzi. Nsomba zonse za mtsinje wonse, zili zonenepa bwino, zimadutsa pakhomo limodzi pa nyengo yodziwika. Amene wakhala pakhomopo ndi ukonde safunika kuzisaka.

Ngati usodzi unali wakumtundu, anachokeranji ku Maine?

Nsomba zinatha. Mu 1837 anamanga damu lotchedwa Edwards pa Augusta pomwepo, kwawo kwenikweni, ndipo linatseka njira ya nsomba yopita kumalo oswanirana. Makina ochekera matabwa nawo ankathira utuchi m'madzi. Ana a Hume anakula akuona ndi maso awo mtsinje wa makolo awo ukuuma nsomba. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa anthu amenewa sanganene kuti sankadziwa kuti mtsinje umatha.

Nzeru yoika nsomba m'chitini anaitenga kuti?

Sanaitulukire okha. Mfalansa wina, Nicolas Appert, anasindikiza njira yosunga chakudya m'mabotolo otseka ndi kuwiritsa mu 1810, ndipo chaka chomwecho Peter Durand wa ku England analembetsa njira yogwiritsa ntchito zitini. Ku Maine anthu anali atayamba kale kuika m'zitini nkhanu zikuluzikulu za m'nyanja zotchedwa lobster. George atapita kukacheza kwawo anakumana ndi mnzake wakusukulu, Andrew Hapgood, mmisiri wa malata amene anagwirapo ntchito imeneyi. Anamunyengerera kuti apite naye ku California, komwe nsomba zinali mbwee koma ogula ochepa.

Choncho mu 1864 kunabadwa kampani ya Hapgood, Hume and Company. Fakitale yake inali shedi pa chombo chophwathalala ngati pantoni, chomangirira kugombe la mtsinje, tsidya lina la mzinda wa Sacramento, dera lomwe lero ndi West Sacramento. A Hume anabweretsa nsomba, Hapgood anabweretsa lumo la malata ndi chinsinsi cha kaphikidwe.

Kodi chitini chimodzi chinkapangidwa bwanji masiku amenewo?

Ndi manja, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Amene anaonapo mmisiri wokhoma ndowa pamsika angathe kuona chithunzi chake. Lata ankalidula ndi lumo, kulipinda pa chitsulo chobulungira, n'kumata msoko ndi mtovu wosungunula. Pansi pake ankadula padera n'kumatanso. Ntchito imeneyi inkachitika nsomba zisanayambe kukwera, kuti nyengo ikafika zitini zikhale zili mulu.

Nsomba ikafika ankaidula mutu, zipsepse ndi mchira, kuitumbula, kuitsuka, n'kuiduladula molingana ndi kutalika kwa chitini. Nthuli ankaikanikizira m'chitini ndi dzanja, kuthira mchere pang'ono, kenako kumata chivundikiro. Zitini zinkalowa mu mphika waukulu wachitsulo n'kuwira pafupifupi ola limodzi. Akazivuula, munthu ankaboola kabowo pachivundikiro chilichonse kuti nthunzi ndi mpweya zituluke, ndipo mnzake ankatseka kabowoko msangamsanga ndi dontho la mtovu. Zikatero zinkabwereranso pamoto, ulendo uno m'madzi othira mchere wambiri. Madzi wamba amawira pa madigiri 100 ndipo sapitirira apo ngakhale musonkhezere bwanji, koma amchere wambiri amafika cha m'ma 110. Kusiyana kochepa kumeneku ndi kumene kunkachititsa kuti chitini china chikhale chaka chathunthu pamene china chikutupa patatha mwezi. Kaphikidwe aka kanali chinsinsi cha fakitale, ndipo si aliyense ankaloledwa kuima pafupi ndi miphikayo.

Chodabwitsa n'chakuti iwo eni sankadziwa bwinobwino chifukwa chake zinkatheka. Ambiri ankakhulupirira kuti chachikulu ndi kutulutsa mpweya. Zakuti tizilombo tina tosaoneka ndi maso timapirira madzi owira zinafotokozedwa bwino m'zaka za m'ma 1890 ndi Samuel Prescott ndi William Lyman Underwood ku Boston. Pofika nthawi imeneyo miphika yotseka yophikira ndi nthunzi inali itayamba kale kulowa m'malo mwa madzi amchere.

Panali ntchito ina yomwe ine imandisangalatsa kuposa zonse. Zitini zikazizira, munthu mmodzi ankayenda pamzere ali ndi msomali kapena kachitsulo, akugogoda chivundikiro chilichonse. Chitini chabwino chimalira mwina, chodontha chimalira mwina, ngati momwe amayi amagogodera mphika wadothi pamsika asanalipire. Khutu la munthu ameneyu linali loyezera lokhalo lomwe fakitale inali nalo. Pomaliza zitini ankazipaka penti yofiira kuti zisachite dzimbiri panyanja, ndipo ogula anazolowera mtunduwo mpaka kumaukhulupirira ngati chizindikiro cha nsomba yabwino.

Anapindula chaka choyamba?

Zinali zokhoma. Anadzaza mabokosi pafupifupi 2,000, ndipo bokosi limodzi pa malonda amenewa limatanthauza zitini 48 za paundi imodzi, yomwe ndi magalamu pafupifupi 450. Zambiri mwa zitini zoyambirira zinaonongeka chifukwa misoko inkadontha. Zotsalazo kugulitsa kwake kunali kovutanso, popeza munthu wa ku San Francisco, amene ankatha kugula nsomba yaiwisi motchipa, sankaona chifukwa chogulira ya m'lata. Msika unapezeka kutali: ku Australia, ku New Zealand, ku South America, ndipo pambuyo pake ku Britain, komwe ogwira ntchito m'mafakitale anaipeza kukhala ndiwo yotsika mtengo kuposa nyama.

Nanga bwanji anachoka ku Sacramento patangotha zaka ziwiri?

Golide yemwe uja. Okumba anali atasiya kusefa mchenga ndi mbale, tsopano ankagumula mapiri ndi madzi otuluka mwamphamvu m'mapaipi. Matope ndi miyala zinkatsikira m'mitsinje n'kukwirira nsangalabwi zomwe nsomba zimaikirapo mazira. Khoti linaletsa kutayira zinyalala zimenezi m'mitsinje mu 1884, koma a Hume sanadikire zimenezo. Ataona kuti maukonde akubwera opepuka, William anapita kukazonda mtsinje wa Columbia kumpoto, ndipo mu 1866 anasamutsira zida zawo pamalo otchedwa Eagle Cliff, kugombe la mbali ya chigawo cha Washington. Sacramento unali mtsinje wachiwiri kuuthawa.

Ku Columbia zinayenda bwanji?

Kumeneko ndiye ndalama inagwa ngati mvula. Chaka choyamba anadzaza mabokosi 4,000, zomwe ndi zitini 192,000, ndi mabwato awiri okha. Bokosi linkagulidwa madola 16, pamene msodzi ankalandira masenti 15 pa nsomba yathunthu, ndipo nsomba zitatu zikuluzikulu zinkatha kudzaza bokosi. Masamu ake sasowa mphunzitsi.

Phindu lotere silibisika. Antchito awo omwe ankati akaphunzira kaphikidwe n'kuchoka kukatsegula zawo. Abalewo nawonso anayamba kupatukana, aliyense ndi fakitale yake, nthawi zina kulimbirana asodzi ndi ogula ngati anthu osadziwana. Akuti mwa mafakitale 35 omwe anali pa Columbia mu 1881, pafupifupi theka anayambitsidwa ndi a Hume. Tauni ya Astoria, pafupi ndi pomwe mtsinje umathira m'nyanja, inasanduka likulu la malondawa. Mu 1883 mtsinjewu unatulutsa mabokosi oposa 600,000 a chinook. Kuchoka pa 4,000 kufika pamenepo zinatenga zaka 17 zokha, ndipo chinook sinafikenso pachiwerengero chimenecho. Eni mafakitale atayamba kuiperewera anatembenukira kwa sockeye, coho ndi chum, nsomba zomwe poyamba ankazinyoza.

Anthu ankapha salimoni kuyambira kalekale. Chitini chinasintha chiyani?

Chinachotsa malire. Chitini chisanabwere, msodzi ankasiya kupha akafika pomwe mimba, mchere, nkhuni zowambira ndi msika wapafupi zathera. Kupha zoposa apo kunali kungodzipatsa ntchito yokwirira zowola. Nsomba ya m'chitini siwola, imakwera sitima, imadikira mtengo wabwino, imadyedwa ku Manchester ndi munthu amene sanaonepo mtsinje wa Columbia. Tsopano wogula anali dziko lonse, ndipo malire okhawo otsala anali mtsinje weniweniwo.

Ngakhale kuwola sikunawaletse. Masiku ena mabwato ankabweretsa nsomba zochuluka kuposa zomwe fakitale ikanatha kudula tsiku limenelo, ndipo zotsala ankangozikankhira m'madzi pansi pa doko, pamodzi ndi mitu ndi matumbo. Zida zophera nazo zinachuluka: matchera oyandama ndi madzi, misampha ya mitengo ndi waya, makoka aatali okokedwa ndi mahatchi pamchenga, ndi mawilo akuluakulu okhala ndi madengu omwe ankazungulira okha ndi mphamvu ya madzi n'kumatunga nsomba usana ndi usiku. Mawilo amenewa analetsedwa m'chigawo cha Oregon mu 1926 ndi ku Washington mu 1934, patatha zaka zoposa 40 akutunga.

Timamva kuti inali bizinesi ya banja. Ndiye kuti ankagwira okha ntchito yonse?

Pa chombo cha ku Sacramento, inde, kwakukulukulu. Robert mwiniyo anayamba ngati wantchito wa akulu ake. Koma malonda atakula, mawu akuti banja ankanena za eni ake, osati za manja omwe ankagwira mpeni.

George Hume ndi amene amadziwika kuti anayamba kulemba ntchito Matchaina, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1870, atatopa ndi aganyu omwe ankathawa pakati pa nyengo. Pasanathe zaka khumi pafupifupi fakitale iliyonse pa Columbia inkadalira iwo. Mwini fakitale sankalemba munthu mmodzimmodzi. Ankapangana ndi kontilakitala wa Chitchaina mtengo wa bokosi lililonse, ndipo kontilakitalayo ndiye ankasonkhanitsa anthu, kuwadyetsa ndi kuwalipira, akudula za chakudya ndi ngongole pamalipiro awo. Wodula nsomba waluso ankatha kukonza zoposa 1,000 patsiku, ataimirira m'madzi ndi magazi kuyambira m'bandakucha mpaka usiku. Koma kulowa m'bwato kukapha nsomba, komwe kunali ndalama yabwinoko, Mtchaina sankaloledwa. Asodzi achizungu ankaonetsetsa zimenezo.

Mu 1882 boma la America linakhazikitsa lamulo loletsa antchito a ku China kulowa m'dzikomo. Odula aluso anayamba kukalamba popanda owalowa m'malo. Mu 1903 Edmund Smith wa ku Seattle anapanga makina odula mutu, zipsepse ndi kutumbula nsomba, ogwira ntchito ya gulu lonse la anthu. Dzina lomwe anawapatsa makinawo linali chipongwe chonyozera Matchaina omwewo, ndipo linalembedwa pachitsulo chake kwa zaka zambiri. Sindilibwereza pano.

Nanga asodzi anali ndani, ndipo ankakhala bwanji ndi eni mafakitale?

Ambiri anali obwera: a ku Finland, Norway, Sweden, ndi ena a kum'mwera kwa Ulaya. Bwato linali la matanga, la anthu awiri, mmodzi woponya ukonde wina wopalasa. Nthawi zambiri bwato ndi ukonde zinali za fakitale, choncho msodzi sakanagulitsa kwina. Nsomba zikachepa mkati mwa mtsinje ankasendera kufupi ndi pomwe Columbia imakumana ndi nyanja, malo a mafunde oopsa omwe amiza ngakhale sitima zikuluzikulu. Mu Meyi 1880 namondwe anawapeza ali komweko ndipo asodzi ambirimbiri anamira usiku umodzi.

Mkangano wa mtengo sunkatha. Mu 1896 asodzi a ku Astoria ananyanyala ntchito mpaka boma linatumiza asilikali. Atabwerera pamadzi osapeza zomwe ankafuna, gulu lina, makamaka a ku Finland, linasonkherana ndalama n'kutsegula fakitale yawoyawo ya kopaletivi, Union Fishermen's Cooperative Packing Company.

Kodi mitsinje imeneyi inalibe eni ake a Hume asanafike?

Inali nawo, kwa zaka masauzande. Achinook, omwe dzina lawo linapita kwa nsomba ija, ankakhala kumunsi kwa Columbia. Kumtunda, pa mathithi a Celilo, anthu ankaima pa nsanja zamitengo pamwamba pa madzi olusa n'kumavuula nsomba ndi maukonde a mpini wautali, ndipo pamalopo panali msika waukulu wa mitundu yambiri. Anali ndi mwambo wa nsomba yoyamba ya chaka, komanso akuluakulu omwe ankalamula nthawi yoyamba ndi yosiya kupha.

M'mapangano a 1855 mitundu ya Yakama, Umatilla, Nez Perce ndi ya ku Warm Springs inapereka malo aakulu koma inasunga ufulu wopha nsomba pamalo awo akale. Ufuluwo unaponderezedwa kwa zaka zoposa 100, ndi mipanda, mawilo aja ndi malamulo a zigawo. Mathithi a Celilo anamira mu Malichi 1957 damu la The Dalles litatsekedwa. Mu 1974 woweruza George Boldt anagamula kuti mitundu ya mapangano ku Washington ili ndi ufulu wa theka la nsomba zololedwa kuphedwa.

Robert anachokeranji ku Columbia pamene ndalama inali kumeneko?

Zifukwa zinali ziwiri. Mkazi wake woyamba ndi ana awo awiri anamwalira, ndipo malowo anamuipira. Komanso ankaona kuchuluka kwa mabwato n'kukumbukira Kennebec ndi Sacramento. Mu 1876 anagulitsa zake zambiri n'kupita kum'mwera kwa Oregon, pomwe mtsinje wa Rogue umathira m'nyanja, kudera lopanda msewu kapena njanji. Mu 1877 anatsegula fakitale pa kamudzi ka Ellensburg, komwe lero ndi Gold Beach.

Nawonso malo amenewa anali asanakhalitse chichotsere eni ake. Atututni ndi mitundu ina ya m'mbali mwa Rogue anasamutsidwa mokakamiza itatha nkhondo ya 1855 mpaka 1856, zaka 20 zokha Robert asanafike.

Amati anagula mtsinje. Munthu angagule bwanji mtsinje?

Madzi sanawagule, anagula magombe. Pang'onopang'ono anatenga malo a mbali zonse ziwiri za mtsinje pa mtunda wa makilomita pafupifupi 19 kuchokera kunyanja. Lamulo linkalola aliyense kuyandama pamadzi, koma khoka umalikokera pamtunda, bwato umalikocheza pamtunda, ndipo mtunda wonse unali wa Hume. Wobwera ndi ukonde wake ankakumana ndi samani ya kukhoti. Milandu anaimba yosawerengeka.

Sanalekere pomwepo. Sitolo inali yake, makina ochekera matabwa ake, sitima zonyamula katundu kupita ku San Francisco zake, nyuzipepala yake, ngakhale bwalo la mpikisano wa mahatchi. Wantchito ankalandira malipiro kwa Hume n'kukawasiya m'sitolo ya Hume. Fakitale itapsa mu 1893 anasamukira tsidya lina la mtsinje n'kumanga mudzi wakewake mu 1895, nautcha Wedderburn pokumbukira kwawo kwa makolo ake ku Scotland. Anasankhidwanso kukhala phungu wa nyumba ya malamulo ya Oregon, komwe nkhani yake yaikulu inali malamulo a usodzi. Anthu ankamutcha mfumu ya salimoni ya Oregon, ndipo iye mwini, polemba mbiri ya moyo wake m'nyuzipepala yake ija, anadzitcha kamunthu kakang'ono kophangira malonda. Sankachita nazo manyazi. Mfundo yake inali yakuti mtsinje wa aliyense umatha chifukwa aliyense amathamangira kupha mnzake asanaphe, pamene mtsinje wa munthu mmodzi umasamalidwa chifukwa mwiniyo akufuna kudzaphanso chaka chamawa.

Ndiye tinene kuti anali wosamala zachilengedwe?

Apa m'pofunika kuyenda mosamala. N'zoona kuti anaona patali kuposa anzake. Atangofika pa Rogue anamanga malo oswetsera mazira a nsomba ndi ndalama zake, patangopita zaka zisanu katswiri wa nsomba Livingston Stone atatsegula malo oyamba otere kugombe la Pacific, pa mtsinje wa McCloud mu 1872. Ankagwira nsomba zokhwima, kufinya mazira, kuwasakaniza ndi umuna wa yamphongo, kuwasunga m'mabokosi a madzi oyenda, kenako kutulutsa tiana mumtsinje. Anafika pozindikira kuti tiana totulutsidwa tili tating'ono kwambiri timangodyedwa, nayamba kutidyetsa kuti tikuleko. Mu 1893 analemba kabuku kochenjeza kuti salimoni idzatha ngati maboma salowererapo. Analimbana ndi madamu ndi migodi ya kumtunda.

Koma tikaonetsetsa, pafupifupi chilichonse chomwe ankati n'chabwino kwa nsomba chinalinso chabwino kwa thumba lake. Malamulo omwe ankawafuna ankapweteka asodzi a kumtunda ndi opikisana naye, osati makoka ake. Ndipo chikhulupiriro chakuti nsomba tingathe kuzifesa ngati chimanga chinachita zoipa zake kudera lonselo: chinapatsa aliyense chifukwa chopitirizira kupha ndi kumanga madamu, poti tiswetsa zina. Masiku amenewo panalibe njira yodalirika yodziwira kuti mwa tiana totulutsidwa ndi tingati tabwerera. Mazira ankasamutsidwa kuchoka mtsinje wina kupita wina osadziwa kuti nsomba ya mtsinje uliwonse inazolowera madzi akwawo. Ine ndimaona kuti chomwe chinathandiza Rogue masiku a Robert si mabokosi a mazira kwenikweni, koma kuti panali fakitale imodzi m'malo mwa 35, ndipo kumtunda kunali kusanadzaze anthu.

Bizinesiyi inatha bwanji?

Robert anamwalira mu 1908. Chuma chake cha pa Rogue chinagulitsidwa kwa banja la Macleay la ku Portland, lomwe linapitiriza fakitale. Anthu a ku Oregon anavota kutseka usodzi wamalonda pa mtsinjewu mu 1910, aphungu anautsegulanso mu 1913, ndipo mu 1935 unatsekedwa kotheratu, nsomba zitachepa komanso opha nsomba ndi mbedza pongosangalala atakhala ndi mawu amphamvu.

Kwina konse nthawi ya mafakitale a mabanja inali ikutha kale. Zitini zitachuluka pamsika mitengo inagwa, ndipo ang'onoang'ono anamezedwa. Ku Alaska, komwe mafakitale oyamba anatsegulidwa mu 1878 ku Klawock ndi ku Sitka, ambiri anaphatikizana mu 1893 kukhala Alaska Packers Association. Pa Columbia zomwezo zinachitika mu 1899 pomwe kunabadwa Columbia River Packers Association, eni dzina la pa zitini la Bumble Bee. Kenako kunabwera madamu aakulu, Bonneville mu 1938 ndi Grand Coulee kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940. Grand Coulee analimanga lopanda makwerero a nsomba, ndipo chinook zikuluzikulu zomwe zinkapita mpaka ku Canada zinathera pakhoma pake. Bumble Bee inatseka fakitale yake ya ku Astoria mu 1980.

Salimoni ya m'chitini yomwe timaiona m'masitolo akuluakulu imachokera kuti tsopano?

Yambiri ndi ya ku Alaska, ya pink kapena sockeye. Chitini chake chilibenso mtovu, chimatsekedwa ndi makina opinda m'mphepete. Nsomba imalowa yaiwisi n'kupsera momwemo monga kale, n'chifukwa chake mumapeza khungu ndi minga yofewa yomwe imadyeka. Koma salimoni yofiirira yosaikidwa m'chitini, ya m'mafiriji ndi m'mahotela, nthawi zambiri ndi yoweta m'makola a panyanja ku Norway, Chile kapena Scotland. Ulimi umenewunso unakula kuchokera kwa abale, Ove ndi Sivert Grøntvedt, omwe anaika tiana ta salimoni m'khola loyandama pa chilumba cha Hitra ku Norway mu 1970.

Mabanja opha salimoni alipobe?

Alipo, makamaka ku Alaska. Misampha ikuluikulu ya makampani, yomwe anthu akumeneko ankadana nayo kwambiri, inaletsedwa Alaska itakhala chigawo chodzilamulira mu 1959. Kuyambira 1973 chiwerengero cha ziphaso za usodzi chili ndi malire, ndipo chiphaso chimatha kugulitsidwa kapena kusiyiridwa mwana. Ku Bristol Bay, komwe mpaka 1951 lamulo linkakakamiza asodzi kuyenda ndi matanga, akatswiri a boma amakhala pa nsanja m'mbali mwa mitsinje kuwerenga nsomba zomwe zadutsa, ndipo usodzi amautsegula kwa maola owerengeka akaona kuti zokaswana zakwana. Mabanja ambiri amagulitsabe kwa makampani aakulu. Ena amawamba ndi kuika m'zitini zawozawo pang'onopang'ono, n'kumagulitsa pa intaneti.

Munthu atapitako lero angaone chiyani cha a Hume?

Zochepa. Ku West Sacramento chombo chija chinatha kalekale. Malowo anaikidwa pa mndandanda wa malo a mbiri ya dziko mu 1964, koma anachotsedwapo mu 2004 chifukwa gombe linasinthiratu. Kumunsi kwa Columbia mumaona mizere ya zitsa zakuda zotuluka m'madzi, zomwe zinali mizati ya madoko ndi mafakitale. Ku Augusta damu la Edwards linagumulidwa mu 1999, patatha zaka 162, ndipo nsomba za mitundu ina zayambanso kukwera Kennebec mwaunyinji, ngakhale salimoni yake ikadali yowerengeka.

Ku Gold Beach, pafupi ndi mlatho wolowera ku Wedderburn, pali sitima yotchedwa Mary D. Hume, dzina la mkazi wachiwiri wa Robert. Anaikhoma pomwepo mu 1881 ndi matabwa a m'deralo. Inanyamula zitini, inapita kukasaka anangumi kunyanja ya Arctic, inakoka sitima zina kwa zaka zambiri, mpaka inabwerera kwawo mu 1978. Mu 1985 inamira pamadzi osaya pafupi ndi pomwe inapangidwira. Madzi akaphwa imaoneka itapendekeka m'matope, udzu utamera pamatabwa ake.